Khadi la a Kamtengo

Kukangoyamba kuyera, amuna anga ankadzuka, kusukusula kumaso, n'kukakhala pa tebulo lawo la pakhonde asanalawe n'tiyi yemwe. Ine ndili m'kati mopemphera kuchipinda, ndinkamva akutsegula kachitini ka mamemori khadi. Ankati m'mawa ndi pamene maso amaona tizibowo bwino.

Ntchito yawo inali youkitsa timabokosi ta TV takufa. Kabokosi kotere kamakhala ndi pulogalamu m'mimba mwake imene imakadzutsa ukakayatsa. Pulogalamuyo ikawonongeka, kamangoonetsa chizindikiro cha fakitale n'kuima pomwepo, ngakhale udikire mpaka mawa. Ambiri ankangotaya. Iwo ankalemba pulogalamu ina pa memori khadi, kulilowetsa m'mbali mwa kabokosiko, kenako n'kutenga kamtengo kotokosera m'mano. Ankakalowetsa pakabowo kakumbuyo, kudina kabatani kobisika m'katimo, ndipo ali chidinire ankalumikiza magetsi ndi dzanja linalo. Apo kabokosi kankaiwala za m'mimba mwake n'kudzukira pa khadi. N'chifukwa chake msewu wonse unkawatchula a Kamtengo.

Pakhadipo ankamatapo tepi yakuda, ndipo mwini wake ankamuuza kuti, "Khadi ili musalizule, mtima wake uli pamenepa. Mukazula, maliro ndi anu."

Anali ndi mng'ono wawo wogulitsa ndi kukonza mafoni kumsika. Ameneyu akadutsa ankafuula ali pamsewu, "Achimwene, anzanu akugwira ntchito ndi makina, inu mukadali ndi zotokosera m'mano?"

"Bwera uone, mwana iwe," ankayankha akuseka. Sanabwere kudzaona.

Amuna anga anadwala chaka chathunthu. Manja atayamba kunjenjemera, kamtengo ndinkagwira ndine, iwo n'kumandiuza nthawi yosiya kudina. Chaka chonsecho mlamu wangayo anabwera kawiri, ndipo kawiri konseko maso ake anali pa shelefu, osati pa wodwala.

Tsiku lachitatu titaika maliro, anafika ndi galimoto yobwereka. Ananyamula tebulo, kompyuta, kachitini ka makhadi ndi timabokosi tonse ta eni ake timene tinali titakonzedwa kale. Ngakhale mpando umene malemu ankakhalira anaukweza.

"Alamu, inu zimenezi simungazithe," anatero akumanga chingwe. "Inu muzingopemphera."

Ndinaima pakhomo mpaka fumbi la galimoto litatha.

Munthu wa mafoni akaona memori khadi amaona malonda. Atafika kushopu kwake anamatula tepi pa kabokosi kalikonse, n'kuzula makhadi onse. Anafufuta zonse zimene zinalimo, pamodzi ndi za m'kachitini muja, n'kuikamo nyimbo zogulitsa kwa okwera njinga. Kompyuta nayo anaipukuta kuti aigulitse ngati yatsopano. Eni timabokosi atabwera kudzatenga katundu wawo, palibe n'kamodzi komwe kamene kanadzuka.

Amene anandiuza ndi mayi wometa tsitsi, amenenso kake kanali m'gulu lomwelo. "Amayi, ndamufunsa kuti, 'Iwe, mkulu wako anandionetsa kakuyenda, lero kafa bwanji?' Iye thukuta kamukamu, akungodina rimoti ngati akupha nsikidzi."

Mulungu andikhululukire, ndinaseka. Chimwalirire amuna anga ndinali ndisanasekepo. Mawa lake ndinadzera dala kutsogolo kwa shopu yake popita kutchalitchi, ngakhale njira yake ndi yozungulira. Ndinayenda pang'onopang'ono. Panali anthu asanu ndi timabokosi tawo m'manja, ndipo wosiya foni panalibe.

Koma khadi limodzi linatsala, limene malemu ankakoperako ena onse. Ankalisunga mu envelopu m'Baibulo langa, chifukwa ankati m'menemo wakuba safufuzamo. Lili mu Masalimo mpaka lero.

Lolemba mlamu anabwera wapansi, chipewa chili m'manja. Anayang'ana uku ndi uku pakhonde.

"Khalani pansi pomwepo, alamu," ndinatero. "Mpando munatenga."

Anakhala pa sitepe. "Alamu, ndamva kuti achimwene anali ndi khadi lina, lalikulu lake. Anthu aja akuti likafika Lachisanu zinthu zawo zisanadzuke, apita kupolisi. Mwini nyumba ya shopu nayenso akuti ndichoke, sakufuna phokoso. Ana anga aja, alamu, ndi ana anunso."

"Ine zimenezi sindingazithe," ndinamuuza. "Ine ndimangopemphera."

Sindinam'patse ngakhale madzi. Atapita ndinasesa pamene anakhala.

Lachisanu ndi mawa. Masiku atatu awa ndakhala ndikuwerenga Baibulo ndikudumpha Masalimo. Ndimafuna anthu amuone akukwezedwa m'galimoto ya apolisi monga anakwezera mpando uja, ndipo sindibisa. Chimene chikundisowetsa mtendere si iyeyo ayi.

Sabata yomaliza kuchipatala, amuna anga anandigwira pamkono, mawu akutuluka movutikira. "Mayi, mng'ono wangayu ndikumudziwa. Adzatenga zonse, ndipo adzaziwononga. Akadzabwera atathedwa nzeru, mudzam'patse khadi lija. Mudzamuonetsenso za kamtengo, poti inu mukudziwa."

Ine ndinatembenuza pilo, n'kuwafunsa ngati akufuna madzi. Anapukusa mutu osandisiya mkono.

"Mudzam'patsa, mayi?"