Kansomba kogona m'mimba mwa nkhaka

Ndikukumbukira chaka chimene ndege za nkhondo zinatisamutsa ku Kavalamanja. Amayi anandisiya ku Mburuma kwa amalume, iwo n'kupita ku Feira kukadwazika atate. Nyumba ya amalume inali yodzaza kale ngati thumba la makala, ine n'kudzawonjezera dzanja m'mbale.

Tsiku lina anapha mbuzi imene inkangowonda. Tikutsuka matumbo ndi msuweni wanga Ganizani, tinapezamo nyongolotsi zoyera zili piringupiringu. Iye ananyamula imodzi ndi kamtengo n'kunena kuti ameneyo ndine, wodya eni ake ndili m'kati. Ankangoseka, koma mawuwo anandilasa mtima. Nyamayo sindinailawe. M'mawa mwake ndinamanga tizovala tanga m'chitenje kuti ndibwerere kwathu, pa njira imene ngakhale akuluakulu ankaiopa chifukwa cha mabomba okwirira.

Amalume anandipeza ndisanapitirire minda. Sanakalipe. Anatula nkhwangwa, anakhala pachitsa, n'kundifunsa kumene ndinkapita. Nditawauza zonse uku ndikulira, anayamba nkhani ya ku Beira, kumene anagwirako ntchito m'mabwato ali mnyamata. Anati pansi pa nyanja ya mchere pali chamoyo chonga nkhaka yonenepa, chopanda maso, chimene chimapumira kumatako. Ndinaseka misozi ili m'masaya. Anati chikatsegula kuti chipume, kansomba kowonda kamalowamo chamchira kubisala adani. Tina timangogonamo n'kumakadya kunja, koma tina timadya za m'mimba mwa mwininyumba.

"Nanga nkhakayo idziwa bwanji kabwino na koipa?" ndinafunsa.

"Siidziwa, mwanangu. Koma ikati itseke khomo, nayo siingapume. Tiye kunyumba, mbuzi zikali m'khola."

Ananyamula kachitenje kaja okha, ine ndikutsatira pambuyo ndi nkhwangwa. Ndinakhala nawo mpaka mfuti zitaleka kulira, ndipo Ganizani ndiye anadzalira kwambiri tsiku limene amayi anabwera kudzanditenga.

Nyanja ya mchereyo sindinaionebe mpaka pano. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti amalume ankanditonthoza kuti ndine kansomba kabwino, kosadya mwini wake. Lero ndili ndi khomo langalanga, ana a abale akugona pamphasa zanga, ndipo ndazindikira kuti sankanena za ine n'komwe. Ankanena za iwo eni. Ndikanapitirira minda ija, wobanika akanakhala iwo.