Timavu ta M'chinangwa cha Violeta

Kumidzi ya kutsidya kwa nyanja ya Chiuta ukafunsa za Violeta, anthu amayamba ndi maso ake. Mayi ameneyu ankatha kuona nsabwe m'mutu mwa mwana ali kutsidya kwa bwalo. Ena ankati ndi mphatso, koma zoona zake n'zakuti maso amenewo anawanola ndi mavuto.

Nkhondo itafika kwawo, anthu amfuti anasonkhanitsa mudzi n'kufunsa kuti ndani ankabweretsa mchere kuchokera ku Malawi. Wina analoza chala mwamuna wa Violeta. Anamutenga, ndipo sanabwererenso. Violeta anawoloka nyanja ya Chiuta pa bwato, mwana wina kumbuyo, wina m'mimba. Kuyambira tsiku limenelo, akangomva munthu akufunsa kuti chakutichakuti wabweretsa ndani, ankachoka pamalopo msangamsanga.

Ku Malawi anakhala kufupi ndi Nayuchi. Ntchito yake yaikulu inali kukhala pansi ndi lichero, kutola anankafumbwe m'chimanga cha chithandizo mmodzimmodzi mpaka chiyere. Anzake ankamuseka kuti nankafumbwe ndi ndiwo, iye osamva. Kachilombo kalikonse kamene kayandikira chakudya cha ana ake kanali mdani, ndipo mdani ankamuphwanya ndi chikhadabo.

Mtendere utabwera anabwerera ndi ana ake awiri, poto, khasu ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa imene anapatsidwa ndi mayi wina amene ankamugwirira ganyu. Pamalire pa Entre Lagos anaukulunga mtolowo mu mphasa, popeza anamva mphekesera zoti mbewu zochokera kunja amalanda. Palibe anamufunsa kanthu, koma sanaumasule mpaka kufika kwawo. Anadzala pa munda wakale wa amayi ake, moyandikana ndi munda wa Mastura, mkazi wa msodzi, amene banja lake linapirira nkhondo yonse likubisala m'mabango.

Chimanga cha chaka choyamba sichinachite bwino, ndipo chithandizo chinali chitatha. Chinatsala ndi chinangwa basi. Mchemwali wake wokwatiwa ku Malawi anali atamuuza kale kuti zikavuta atumize anawo kumeneko. Violeta analumbira kuti zimenezo ayi. Ana amene anabwera nawo kwawo movutikira chonchi sakanawabwezanso kukadya kwa eni.

Ndiye m'chilimwe nsonga za chinangwa zinayamba kufota n'kukwinyika ngati chibakera. Atafunyulula tsamba anapeza tizilombo toyera mbuu, tothinana ngati ufa wonyowa. Anatidziwa, chifukwa ku Malawi ankatitchula kuti kodikodi, ndipo anaonapo minda yathunthu itatha nato. Koma maso akewo anaonanso china. Pakati pa toyerato panali tina touma gwa, tofiirira, ngati njere za mapira. Pamasamba pankadumphadumpha tizilombo takuda bii, tochepa kuposa nthata.

Violeta sanali munthu wongoganizira. Anatola touma tija pang'ono, n'kutiika m'kabotolo, n'kutseka ndi kansalu. Patapita masiku anapeza takuda tija tikuyenda m'botolomo, tizikwa titabooka. Nkhani inamveka yokha m'mutu mwake: toumato ndi mazira, takudato ndi amayi ake a kodikodi, ndipo ndi timene tikufalitsa matendawa.

Tsiku lina Mastura anabwera kudzathyola chigwada m'malire mwa minda, nayenso chinangwa chake chitayera.

"Achemwali," anatero Mastura akukuntha nsalu yake, "toyerati tinationapo nthawi ya nkhondo. Koma takudati n'tachilendo. Tayamba chaka chino, mutabwera inu a ku Malawi."

Ananena akuseka, popeza Mastura pakamwa pake panalibe chitseko. Koma Violeta sanazitenge ngati nthabwala. Lamulungu lotsatira mlembi wa mudzi, amene ankamutchula kuti sekeretariyo, analengeza kuti kukubwera tekiniko, mlangizi wa boma wa zaulimi, ndipo akufuna kuona makamaka minda ya anthu amene anabwera ndi mbewu ya chinangwa kuchokera ku Malawi. Anati akufuna tizilombo takuda.

Violeta sanamve zina zonse zimene zinanenedwa. M'maganizo mwake anaona kale munda wake ukuzulidwa, moto ukuyaka, anthu atamuzungulira, chala chikumuloza. Anachita mantha kwambiri, mantha omwe aja a tsiku limene anatenga mwamuna wake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kodi munthu amene anaona funso likupha mwamuna wake angakafunse kwa ndani? Violeta anachita zimene manja ake ankadziwa. Ankalawirira m'munda ndi phale la makala amoto, n'kumafunyulula nsonga iliyonse. Toyera tinali tochuluka zedi moti sakanatitha, choncho anatisiya. Iye ankasaka touma tokhatokha, mazira a mdani, n'kumatiponya pa makala, tikuthetheka. Takuda akatipeza ankatitikita ndi chala. Wina aliyense akanaphonya tambiri, koma ameneyu anali Violeta. Pofika tsiku la mlendoyo, m'munda monse munalibe kachikwa ngakhale kamodzi.

Tekinikoyo anabwera pa njinga, mnyamata wamtali dzina lake Osvaldo, chikwama chikulira mabotolo. Violeta anamulandira atagwada.

"Mbewu imeneyi munaitenga ku Malawi, mama?"

"Ndinachita kupatsidwa, bambo. Sindinabe."

"Ayi, si mlandu," anatero Osvaldo, koma mawu amenewo Violeta anawamvapo kale kwa anthu ena.

Mnyamatayo anayenda mzere ndi mzere, akutsegula masamba, akupukusa mutu. Violeta ankamutsatira patali, akupemphera chamumtima kuti asapeze kanthu. Ndipo sanapezedi. Osvaldo anaima n'kupukuta thukuta, nkhope itagwa.

"Zachisoni. Ndimayembekeza kuti pano ndiye nditipeza."

Kenaka anadumpha malire kulowa kwa Mastura, munda wa udzu umene mwini wake ankauona mwa apo ndi apo chifukwa chotanganidwa ndi kuyanika nsomba. Sanachedwe kufuula. Anakodola amayi awiriwo, n'kugwira kachilombo kakuda kamodzi m'kabotolo, n'kutulutsa kagalasi kokuzira zinthu kamene iye ankakatchula kuti lupa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Si kakuda kalikonse kamene ndikufuna. Tayang'anani, mama."

Violeta anaika diso pa galasilo. Chinthu chimene ankachitikita chija chinali ndi chiuno chowonda ngati cha mavu, mapiko owala, ndi tinyanga tiwiri timene kankagwedeza mosalekeza.

"Mukuona tinyangato? Pali poyera pakati pa pakuda?"

"Palipo," anayankha Violeta. "Ndipo kutsinde kwake n'kophwatalala."

"Maso anu ndi abwino. Ameneyo ndi wamkazi. Ndi mavu, koma saluma munthu. Amabaya kodikodi n'kuikira dzira m'thupi mwake. Mwana wake amadya kodikodiyo m'kati mpaka aume gwa, kenaka amaboola n'kutuluka. Chikwa chilichonse chouma ndi kodikodi wakufa. Anatimwaza ku Malawi zaka zapitazo kuti tipulumutse chinangwa, ndiye tikufufuza ngati tawoloka. Mwina tinabwera ndi mbewu za anthu ngati inu."

Mastura anawomba m'manja. "Ndiye kuti a ku Malawi anatibweretsera mankhwala! Nanga bwanji kwa eni akewo kulibe?"

Osvaldo anati nayenso zamudabwitsa. Anaonjeza kuti sangalumbire msanga za mtundu wake, chifukwa m'zikwa zomwezo nthawi zina mumatuluka timavu tina tofanana nato, timene timadya tothandizati. Anayenera kutiika mu mankhwala osungira n'kutitumiza kwa odziwa kusiyanitsa mitsempha ya mapiko, ndipo yankho lidzatenga miyezi.

Violeta ankangoyang'ana chala chake chachikulu, chimene chikhadabo chake chinali chitada.

Mlendoyo atapita, Violeta anapempha Mastura nsonga zokhala ndi tizikwa. Anazinyamula m'lichero mosamala ngati mazira a nkhuku, n'kumazipachika pa chinangwa chake. Odutsa m'njira ankaima kudabwa mayi wotuta matenda kupititsa m'munda mwake. Iye analibe nazo ntchito zonena zawo. Mantha ake tsopano anali ena: kodi timene wanyamulati ndi tothandiza tija kapena todya anzawo? Nanga tichulukana nthawi isanathe?

Tinali tothandiza ndithu. Yankho linabwera mvula itayamba, ndipo sekeretariyo analilengeza pamsonkhano, anthu n'kuwomba m'manja. Chinangwa cha Mastura chinaphukira masamba atsopano. Koma kwa Violeta kodikodi anali atakhala milungu yambiri wopanda womuopsa, nthawi yomwe dzuwa linali pa ukali wake, ndipo anayamwa mitengo mpaka nsonga kuuma. Atakumba anapeza mizu yowonda ngati zala, ya mitsitsi yokhayokha. Anakumba phando lina, ndi linanso, mpaka anakhala pansi pa mzere n'kulira mokweza, osasamala kuti akumva ndani.

Mu Januwale, njala itafika poti ana akugona masana, anawasambitsa, n'kuwamangira zovala zawo mu mpango umodzi. Anayenda nawo wapansi mpaka pa Entre Lagos, pamene mchemwali wake ankawadikira kutsidya kwa malire. Wamng'ono, uja anawoloka nyanja ali m'mimba, anagwira nsalu ya amayi ake.

"Amayi, ife talakwa chiyani?"

"Palibe, mwanangu. Mukadye, mudzabwera chinangwa chikakhwima."

Anamumasula zala chimodzichimodzi n'kumupereka. Anaima pomwepo mpaka anawo anasowa kuseri kwa sitesheni ya sitima, kenaka anatembenuka, popeza kumunda kunali ntchito yodzala ndipo mbewu anali atapempha kale kwa Mastura.