Mwana wa Mayi Luvenia Anamudula mu Filimu

Amene anachita chipongwechi ndi Bwana Pruitt, mkulu wa kampani ina ya mafilimu kuno ku Hollywood. Analola kuti Ozella Tibbs adulidwe mu filimu ndi sizasi ngati ulusi wolendewera. Malemu amuna anga ananyamula nyali pa kampani imeneyo mpaka msana kupindika, ndiye musandiuze kuti sindikudziwa.

Ozella anali mtsikana wakuda wochokera ku Georgia. Mu filimuyo anaimba atavala diresi la siliki, osati epuloni. Anatumiza mawu kwawo: amayi, kandioneni.

Amayi ake, Mayi Luvenia, anaitana kwaya yonse ya amayi. Ku nyumba ya kanema anakwera masitepe akuseri, kukakhala m'mwamba momwe amaunjikamo anthu akuda. Filimu inayamba, filimu inatha. Ozella osaoneka.

"Luvenia, mwana uja ali kuti?" anaseka Mayi Essie, mkulu wa kwaya. "Kapena ndi amene anatsuka mbale zimadyera azungu zija?"

Ozella atamva, anakalowa mu ofesi ya Bwana Pruitt osagogoda.

"Bwana, nyimbo yanga ili kuti?"

"Mtsikana iwe, nyimbo za anthu inu timazijambula pazokha dala. Azungu a kum'mwera kwanuko sazifuna, ndiye amangochotsa, nkhani osasokonekera. Ukufuna amako akuone? Vala epuloni. Wantchito samudula."

"Epuloni amayi anga aivala moyo wawo wonse. Sangalipire pakhomo kuti akaione pa ine."

Anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Anakalowa yochapa ku hotela, manja mpaka kusupuka. Kenako kunabwera uthenga woti maso a Mayi Luvenia achita ng'ala. Akachedwa, sadzamuonanso.

Analira. Ndinamumva, makoma a nyumba zathu ndi opyapyala. Koma kutacha anayamba kugogoda makomo a anzake amene anadulidwanso: wina akumeta anthu, wina akuphika, wina akunyamula katundu pa siteshoni.

"Tijambule yathu," anawauza.

"Ndi chiyani, chemwali? Ndi botolo?" anatero wometa uja.

Anabwereka kamera yakale. Ankajambula Lamlungu lokha, akaweruka ku tchalitchi. Nkhani yake inali ya mzamba, ndipo mzambayo anali Ozella, kuyambira poyamba mpaka pothera. Kumudula ameneyo, utsala ndi sizasi yako m'manja.

Zithunzi zoyamba zinatuluka zakuda bii, nyali zinachepa. Ena anagwa ulesi n'kusiya. Iye anayambiranso.

Itatha, eni nyumba za kanema anaikana. Ozella anaikweza sitima mpaka ku Georgia, n'kupachika nsalu ya pabedi yoonetserapo filimuyo m'tchalitchi cha kwawo.

Mayi Luvenia anakhala pa benchi ya kutsogolo. Ankangoona mbuu. Anadzuka ndi ndodo yawo, n'kuyenda mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda nsalu. Nkhope ya Ozella pansalupo inali yaikulu ngati chitseko.

"Ndi yemweyu!" anakuwa. "Mpata wa mano wa bambo akewo! Khalani chete inu, mwana wanga akulankhula!"

Anaimirira pomwepo mpaka filimu kutha, ndipo palibe anayerekeza kuwauza kuti akutchinga. Pofika Khirisimasi maso aja anali atatsekeka. Koma anali ataona.

Tsono inu amene anakukanani kamodzi n'kukadzifunditsa bulangete, mtima wanuwo musautaye, si wa amene anakukananiyo. Ozella anachapa zovala za anthu ndi manja osupuka, Lamlungu n'kukaima pa kamera. Inu chakugwirani miyendo n'chiyani? Musayang'ane kumbali, ndikufunsa inuyo. Tandiyankhani!