Pisina ya Mikwamba Khumi ndi Isanu

Mahotela onse a ku Nampula amandidziwa ine Barnaba wa ku Msumba. Ndikangotsika basi, mabwana ake amalimbirana chikwama changa mpaka kung'ambirana malaya. Chabwino, ndanama. Kutali kumene ndinafikako ndi ku Lichinga, ndipo ndinagona pabenchi pachipatala podikira kuzulitsa dzino. Wodziwa mahotela pabanja pathu ndi Yudita, mwana wa mlongo wanga, ndipo nkhani ino ndi yake.

Yudita ndi mayi woyanika usipa, wamtali, wa mikono yoti akhoza kukuthyolerani mango ku Metangula iye ataima ku Msumba. Kusambira anayamba asanamere mano. Anakwatiwa ndi Reinaldo, mlimi wa chinangwa wa ku Maniamba, munthu wofatsa amene ngakhale madzi a m'beseni amayamba wawafunsa kuya kwake.

Apa pokha sindiseka. Chaka ndi chaka anyamata a kumtunda amatsikira kuno kudzafuna ganyu yokoka makoka, osadziwa kusambira. Zito, mng'ono wake wa Reinaldo, anali mmodzi mwa iwo. Mwera unagubuduza bwato pafupi ndi gombe, moti amayi a pagombe ankamumva akuitana, koma anthu pofika anali atamira kale. Maliro atatha, Yudita anapita kwa mkulu wa sukulu kukapempha kuti aziphunzitsa ana ndi anyamata aganyu kusambira Loweruka lililonse. Mkuluyo anati popanda pepala la wopulumutsa anthu m'madzi sangamupatse mwana ngakhale mmodzi. Pepalalo limatengedwa ku Nampula, ndipo mayeso ake amachitikira mu pisina, dziwe la simenti lija la m'tauni.

Ulendo woyamba bungwe lina lothandiza asodzi linamutumiza. Tonse tinati zatheka kale, chambo amachiyesa mayeso a madzi? Koma mwana wa kunyanja amakula akuuzidwa kuti mwala umaulambalala. Yudita ataona khoma la pisina likuyandikira, sanaliguse n'kubwerera monga ankachitira anzake. Anakhota patali ngati bwato, n'kudutsa pansi pa zingwe, n'kulowa m'njira za eni ake. Woyesa anaimba pinto mpaka masaya kutupa.

"Akuti ndalephera kusambira, atsibweni," anandiuza atabwerera. "Ine."

"Ukadawauza achotse khomalo."

"Khoma lisachoke. Ndikufuna ndilidziwe."

Bungwe linavomera kumutumizanso, koma linanenetsa kuti aka n'komaliza. Linamuuza afike masiku angapo mayeso asanachitike, asankhe yekha hotela mwa zomwe linagwirizana nazo. Anzake a ku Metangula anasankha potengera nkhuku yowotcha ndi kukula kwa kanema. Yudita ankafuna ziwiri basi: pisina yaitali ngati ya mayeso, ndi jinaziyo, chipinda cha zitsulo zolimbitsira thupi, chifukwa pamayeso amakupatsa chimunthu cholemera kuti uchikokere kumtunda.

Masana alionse akamaliza kutembenuza usipa ankakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, pamene pamagwira foni. Pazithunzi pisina iliyonse inkaoneka ngati ungawolokere nayo ku Likoma.

"Taona iyi, mwana iwe, mpaka ili ndi tsidya lina!" ndinatero.

"Atsibweni, inu mukagwira utaka mumausendeza pafupi ndi foni kuti uoneke ngati kampango. Awanso ndi abale anu."

Choncho anayamba kuimbira mahotelawo foni. Funso lake linali limodzi, lomwe msodzi amafunsa pogula chingwe: ndi mikwamba ingati? Hotela yoyamba anati ndi yaikulu kwambiri, sinyora. Yachiwiri anati ndi yokongola. Yachitatu anavomera kuti madzi anawachotsa chaka chatha, ndipo jinaziyo yawo ndi njinga imodzi yoduka tcheni. Kenako pa ina anayankha mkazi wolandira alendo, dzina lake Yasmini, amene mayi ake anali akunyanja konkuno. Atamva kalankhulidwe ka Yudita anasiya Chipwitikizi.

"Mikwamba? Iii, mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa agogo. Dikirani achemwali, ndikayeze."

Anapitadi, kutambasula mikono m'mphepete mwa pisina alendo akumuyang'ana, n'kubwerera ali wefuwefu.

"Khumi ndi isanu! Zitsulonso zilipo, zonse zamoyo."

Yudita anatambasula mikono yake pachulupo, n'kuwerengera mumtima. Inakwana ndendende kutalika kwa pisina ya mayeso ija.

Anakwera shapa, kaminibasi kathu kaja, mpaka ku Lichinga, n'kupitirira ulendo wautali uja wa ku Nampula. Atalowa m'hotelamo anafunsa za Yasmini. Kuseri kwa tebulo kunamveka mawu akuti ndine, koma munthu osaoneka. Yudita anasuzumira. Kamkazi kafupi, koti pofuna kutseka chitseko kamayamba kakwera pampando. Yudita anayang'ana timikono ta kamkaziko. Anasiya chikwama pomwepo n'kuthamangira kupisina, n'kuyeza ndi mikono yake. Khumi ndi iwiri, yomalizayo yoperewera.

"Achemwali, munayeza ndi mikono ya ndani?"

"Yangayi. Ndikadabwereka ya ndani?"

"Ndiye osanena kuti ndinu kachidule?"

"Inunso simunanene kuti ndinu mlongoti."

Anaseka onse, koma Yudita kuseka kwake sikunakhalitse. Kusintha hotela kunali kosatheka, bungwe linali litamaliza kale zonse. Anakhala m'mphepete, miyendo m'madzi onunkha mankhwala, akuganiza za mkulu wa sukulu ndi za Reinaldo amene anamuperekeza mpaka pa shapa. Anayang'ana khoma la uku, n'kuyang'ana la uko. Apo m'pamene anazindikira kuti iye sanabwere kudzaphunzira mtunda. Mtunda anali nawo wokwanira kugawira Nampula yense. Chomwe ankasowa ndi khoma, ndipo m'pisina yaifupi khoma umakumana nalo pafupipafupi.

Analowa. Poyamba thupi linkakana, likufuna kulambalala monga linazolowera. Anadzikakamiza kulunjika, kugusa ndi dzanja, kupinda mawondo, kudzikankha ndi mapazi. Anamenyetsa chigongono, anasupula bondo, anamwa madzi okwana kuthirira dimba. Alendo onenepa ogona pamipando anayamba kumuwerengera mokweza mpaka manambala anawathera. Madzulo ankalowa mu jinaziyo, n'kupeza chitsulo china chokhala ngati bwato losapita kulikonse, chokoka chingwe uli chikhalire.

"Ichi ndi khoka lopanda nsomba," anauza Yasmini. Anachikoka mpaka ndikumva kuti chinapempha tchuthi.

Tsiku la mayeso khoma linabwera, iye osalithawa. Analigusa, n'kulikankha, n'kubwerera m'njira yake yomwe. Chimunthu chomwe anamupatsa kuti apulumutse anachitulutsa m'madzi ngati mtolo wa zovala. Pepala anabwera nalo atalikulunga m'pulasitiki, ndipo mkulu wa sukulu analiwerenga kutsogolo ndi kumbuyo komwe kunalibe kanthu, n'kuvomera.

Loweruka lotsatira pagombe panadzaza ana a sukulu ndi anyamata a ku Maniamba. Kumapeto kwa mzere kunaima Reinaldo, atavala kabudula watsopano, akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Yudita anafunsa ngati alipo wamkulu woti apite kwakuya akakhale ngati akumira, ana aone m'mene amapulumutsira munthu. Ndinadzipereka ine. Ndinalowa mpaka madzi kufika pakhosi, n'kuyamba kukuwa ndi kumenya madzi mochititsa chisoni.

"Fulumira, mwana wa mlongo wanga! Pano m'pozama mikwamba makumi atatu! Pansi ndikuona nyali za ku Malawi!"

Yudita anayenda, osasambira n'komwe, n'kudzaima pambali panga madzi akumulekeza m'chiuno.

"Atsibweni, mwagwada. Dzukani, ana akuona mawondo anu."