Haba za mu mtondo

Ife a ku Kande tinakulira chinangwa. Umathyola phesi, kulizika pansi, basi wadzala. Zosunga njere ngati mbewu sitinkazidziwa.

Nkhondo ya azungu itangotha, amuna anga ali ku Joni, chinangwa chathu chinaolera m'munda chifukwa cha madzi. Apongozi anga anasinthanitsa mbuzi yawo imodzi yokhayo ndi lichero la mpunga wambewu, nandipatsa kuti ndisamale mpaka tsiku lofesa. Ine ndi changu changa ndinaona kuti mpungawo ndi wakuda, wamankhusu okhaokha. Ndinati mbewu ya apongozi singapite kudambo ili yauve chonchi. Ndinauthira mu mtondo n'kuyamba kusinja.

Pafupi nafe pankakhala mkulu wina Msilamu wochokera ku Kotakota, wokonza mabwato. Tinkamuseka chifukwa chokana nsomba zopanda mamba. Iyeyu ndiye anagwira munsi uli m'mwamba.

"Mayi, mukuphika kapena mukudzala?"

"Ndikuyeretsa mbewu, ada."

"Mwaivula malaya. Yamaliseche simera."

Ndinausiya munsi. Mbuzi ya apongozi ndinali nditaisinja ndekha.

Mkuluyo sanandikalipire. Anayala mphasa, nakhuthula zonse, n'kuyamba kutola njere zomwe zinali zisanasweke, imodziimodzi. Ine misozi ili chuchuchu, iye ankangolankhula ngati palibe chachitika. Anati m'Chiarabu chomwe anaphunzira ali mwana, njere imodzi yathunthu amaitcha haba. Osula golide akale ankayezera golide wawo pa kulemera kwa njere yotere, ndipo Aswahili anatenga mawuwo kuti azitanthauza chinthu chochepa. Kenaka anauzira gaga wa m'dzanja lake. Uyo, anati, ndi dhara: poyamba linali dzina la kanyerere kakang'onong'ono, kenaka la fumbi lija limaoneka dzuwa likalowa pa bowo la denga.

"Nanga mawu onsewa a chiyani, pa zinthu zosaoneka n'komwe?" ndinafunsa mokwiya, poti msana unali utauma.

"Chimene chili ndi dzina sumachisesa, mayi. Tolani."

Tinatola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pa lichero lonse lija tinapulumutsa mbale imodzi yandiwo, yosadzaza n'komwe. Anandiuza kuti ndisamwaze monga ankachitira ena, koma ndifese pa kamalo konyowa kuseri kwa nyumba, ndidzaokere mbande imodziimodzi.

Apongozi atabwerako kunyanja anapeza mpunga woyera uli pamoto. Ndinagwada n'kuulula zonse. Iwo anangopita okha kukatema minga yotchingira nkhuku pa kamalo kaja.

Mpunga unamera. Chaka chimenecho sitinadyeko, wonse tinasunga mbewu. Chaka chinacho tinadya ndi kugawira abale. Ndinanyamula mtanga woyamba kupita nawo kwa mkulu uja, koma ndinapeza nyumba yotseka. Anali atakwera bwato kubwerera kwawo, akudwala.

Ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo zimandiwawa. Munthu amene anandiphunzitsa dzina la fumbi, ine sindinamufunse dzina lake.