Azakhali ndi Khosi la Mfumukazi

Mayi oyandikana nane nyumba, amene ana onse amawatcha Azakhali, saonera kanema mwakachetechete. Likangoyamba sewero la mfumu yakale ya Angerezi, yokonda kudula akazi ake mitu, iwo amalangiza mfumukazi ngati mwana wawo: "Iwe, usamuyankhe mwamunayo, khosi uli nalo limodzi."

Tsiku loti mfumukazi idulidwe mutu litafika, Azakhali ananyamuka n'kuzimitsa kanema. Ana asukulu amene anadzaza pansi anadandaula. Ine ndinawafotokozera Azakhaliwo modekha kuti zimenezi zinachitika kalekale.

"Aphunzitsi, m'nyumba mwanga muno simufera mwana wa eni."

Sabata yotsatira tinapeza mfumu ili ndi mkazi watsopano. Azakhali anatiyang'ana mmodzimmodzi, akupukusa mutu.

"M'dera lino alipo wina amene sanazimitse yake."