Eneles, Mayi Amene Anafera ku Kabula Asakudziwa

M'mawa uliwonse Eneles wa ku Limbuli ankaima pakhomo kupereka moni kwa odutsa, ndipo samamulola munthu kupitirira asanamuyankhe pomutchula dzina. Anthu ankati ndi matama. Koma chinayamba ndi ulendo wa ku Kabula.

Mwamuna wake Isake adapita kumeneko kukaphikira mzungu, n'kusiya Eneles ali ndi pakati. Dzinja lidapita kawiri, uthenga zii. Tsiku lina Eneles adabereka mwana kumbuyo, n'kutsatira amtengatenga onyamula fodya. Adayenda masiku anayi.

Ku Kabula nyumba zinali za njerwa, anthu osapatsana moni. Atafunsafunsa, adamulozera kanyumba kuseri kwa nyumba ya mzunguyo. Adapezako mayi wina, Emma, akusita malaya amene Eneles adawadziwa chigamba chake.

"A Isake atuluka, khalani apa mayi," adatero Emma, akumupatsa madzi. "Ine ndine akazi awo. Tidamanga ukwati kutchalitchi."

"Kwawo analibe mkazi?"

"Anali naye, wachisoni. Ng'ona idamugwira mu Ruo, ndi mwana yemwe. Adangopeza mtsuko."

Eneles adamwa madzi aja, n'kukweza mwana kumsana.

"Mtsukowo udasweka?"

"Akuti ayi."

"Bola," adatero Eneles.

Emma adafotokoza zonse: mmene a Isake adalirira, mmene mpingo udawaimbira nyimbo, mmene mzungu adawapatsira masiku atatu opuma. Eneles adamvetsera mwaulemu, poti pamaliro sadula mawu.

Isake atafika adaima chilili, dengu la mazira lili m'manja.

"Atate a mwana, musaope," adatero Eneles. "Ng'ona yandibweza. Akuti ndine wowawa."

"Mayiyu sindikumudziwa," Isake adauza Emma.

Eneles adamasula mwana n'kumuimika pansi. Makutu a mwanayo anali a Isake, otambalala ngati masamba a koko. Emma adayang'ana mwana, adayang'ana mwamuna, n'kukhazika simbi pamalaya aja mpaka utsi tolotolo.

Eneles adapita kwa mkulu wa mpingo kukanena kuti ali moyo. Mkuluyo adatsegula buku, n'kumuonetsa pomwe padalembedwa kuti Isake ndi wofedwa.

"Zolembedwa sitifufuta, mayi."

"Nanga ine ndipite kuti?"

"Kumene mwachokera."

Sadafunse ngati akunena ku Limbuli kapena mu Ruo. Adabwerera, n'kumalima chinangwa chake, kulera mwana wake. Amuna awiri adamufunsira, onse adawakana. "Malemu sakwatiwa," ankatero.

Mliri wa chimfine utafika mu 1918, udamugwira nayenso. Mchemwali wake Enifa adamufunsa ngati atumize uthenga kwa Isake.

"Musavutike, adalira kale," adatero Eneles. "Koma mukandiike m'mbali mwa njira ya ku Kabula, mtumbira wautali. Ulendo uno akanene anthu oti aona ndi maso."